Kabawi ndi Ndere: Zimene Buku la J.A. Baker Linasiya

Buku la J.A. Baker lotchedwa The Peregrine, lomwe linasindikizidwa m'chaka cha 1967, ndi limodzi mwa mabuku a zachilengedwe amene Angelezi amawalemekeza kwambiri. Baker anatha zaka pafupifupi 10 akulondola akabawi m'minda ndi m'madambo a ku Essex, ndipo zonse anaonazo anazipanikiza m'nyengo imodzi yozizira, kuyambira Okutobala mpaka Epulo.

Luso lake n'losakayikitsa. Mphamvu ya ziganizo zake ili mwa aneni, kotero kuti kabawi akamatsika kudzawakha njiwa, woŵerenga amamva mphepo m'makutu. Pang'onopang'ono mlembi asanduka mbalame imene akuilondolayo, mpaka adzipeza atanyonyomala pa nyama yophedwa ngati mwini wake. Komanso bukuli ndi nyimbo ya maliro: pa nthawiyo akabawi ankatha chifukwa cha mankhwala ophera tizilombo m'minda, ndipo chaka chomwecho Derek Ratcliffe anaonetsa kuti zikamba za mazira awo zinali zitapyapyala.

Komabe pali maliro ena amene analibe wowaimbira. Pa makungwa a mitengo yakalekale ya ku Britain pamamera ndere yotchedwa Lobaria pulmonaria, yotambalala ngati tsamba, yamakwinya ngati mapapo. Ndereyi inazimirira m'madera ambiri a England chifukwa cha utsi wa malasha ndi kugwetsedwa kwa mitengo ikuluikulu. Mu 1976 Francis Rose anaiika m'gulu la ndere zochitira umboni kuti nkhalango yakhala chiimire kwa zaka mazana ambiri. Mankhwala aja ataletsedwa, kabawi anabwerera, ndipo lero amaikira mazira pa nyumba zosanja mu London. Ndere ija ikadali yosowa. Yochuluka yatsalira kumadzulo kwa Scotland.

N'chifukwa chiyani mbalame inapeza mlembi pamene ndere sinam'peze? Ife tikuganiza kuti vuto lili m'kaumbidwe ka nkhani. Nthano imafuna mwininkhani mmodzi, wamaso, wochita kanthu. Kabawi ali nazo zonsezi: amauluka yekha, amapha, ndipo magazi amaoneka. Ndere ilibe nkhope, ndipo sili yokha. Ndi zamoyo zitatu m'thupi limodzi: nkhungu imene imamanga nyumba, ndere yobiriwira yopanga chakudya ndi kuwala kwa dzuwa, ndi mabakiteriya okoka nayitirojeni mumpweya. Imakula pang'ono chabe pachaka, ndipo imafa popanda phokoso. Moyo wotere sulowa m'chiganizo chothamanga cha Baker, yemwe kawirikawiri mtengo amauona ngati potera mbalame basi.

Sitikunena izi pofuna kuchepsa bukuli, koma poonetsa malire a diso limene limakopeka ndi liwiro ndi mphamvu. Diso lomwelo tili nalo ife. Alakatuli athu atamanda nkhwazi, yomwe ili pa mbendera ya Zambia ndi pa chizindikiro cha boma la Malawi, koma ndi angati ayang'anapo ndere zolendewera ngati ndevu pa mikungudza ya pa Mulanje, imene ikutha ndi nkhwangwa ndi moto? Chimene mlembi sanachitchule, anthu sachilira chikatayika. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Baker anadekha zaka 10 chifukwa cha mbalame. Ndere ikudikirabe wake wodekha.