Kujambula Galu Ali pa Liwiro

Zithunzi zambiri za agalu a kwathu zimafanana: galu wagona pakhonde nthiti zili pamtunda, kapena amugwira mwamphamvu akumubaya katemera wa chiwewe. Wojambula waimirira, kamera yaloza pansi, galu n'kuoneka wamng'ono ndi womvetsa chisoni. Komatu galu yemweyo mukamuona m'madambo a ku Mkanda kapena ku Kapiri nyengo ya chilimwe, atautsa kalulu, ndi katswiri wa liwiro. Zithunzi zake zikusowa chifukwa ojambula sanaphunzire kumuyang'ana.

Kunja luso limeneli linakulira pa mipikisano. Ku Crufts, chionetsero chachikulu cha agalu ku England, masewera a agility anaonetsedwa koyamba mu 1978. Galu amadumpha mipiringidzo, amalowa m'timipata ta nsalu, amakhotakhota pakati pa timitengo tozikidwa pamzere. Wojambula kumeneko amadziwiratu njira yonse, ndiye amasankha mpiringidzo umodzi, n'kulunjikitsa lenzi pamenepo, n'kudikira. Ku Mchinji kuno liwiro la galu limaonekera pa uzimba, ndipo wosankha njira ndi kalulu. N'chifukwa chake wojambula wa kuno mphunzitsi wake woyamba ndi mlenje. Mlenje amadziwa galu amene amatsogolera ndi amene amadutsira chidule. Amawerenga mchira, makutu ndi kanunkhizidwe. Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe, ndipo wojambula amene wayang'anitsitsa galu wamkotayo amakhala atakweza kale kamera liwiro lisanayambe.

Chachiwiri ndi kudziwa thupi la galu. Mu 1878, ku Palo Alto ku California, Eadweard Muybridge anandandalika makamera m'mbali mwa njira n'kuonetsa kuti hatchi ikamathamanga pamakhala kamphindi kamene miyendo yonse inayi imachoka pansi. M'ntchito yake ya Animal Locomotion ya 1887 munalinso agalu. Galu wowonda wa miyendo italiitali, monga greyhound amene amafika makilomita pafupifupi 70 pa ola, amachoka pansi kawiri: koyamba atapinda msana miyendo yonse itasonkhana kumimba, kachiwiri atatambasuka kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Nthawi ziwirizi ndi zimene zimanena liwiro. Chithunzi chikagwera pakati pake, galu amaoneka wopunduka, miyendo ili balalabalala. Kujambula motsatizana, kumene ngakhale mafoni ambiri amatha, kumathandiza, koma sikuchotsa ntchito yosankha. Pa zithunzi makumi awiri, wojambula wodziwa amasunga chimodzi.

Za kamera n'zochepa koma zilibe kunyengerera. Kuti ubweya ndi fumbi zioneke bwinobwino, shutter itseguke kwa 1/1000 ya sekondi kapena kuchepera apo. Wofuna kuti liwiro limveke m'maso akhoza kutsitsa mpaka 1/60, n'kumayendetsa kamera limodzi ndi galuyo, kuti mutu uoneke bwino koma tchire lakumbuyo lichite mizeremizere. Ine njira yachiwiriyi ndimaikonda, chifukwa galu woumitsidwa m'malere nthawi zina amaoneka ngati chidole chopachikidwa pa ulusi. M'njira zonse ziwiri, diso la galu likhale lakuthwa. Diso likachita chimbuuzi, chithunzi chafa, kaya miyendo yatambasuka mokongola chotani.

Kuwala kwa kwathu kulinso ndi msampha wake. Agalu ambiri a m'midzi ndi ofiirira, mtundu womwewo wa udzu wouma ndi dothi la katondo. Dzuwa likakhala paliwombo, galu amasowa m'tchire. M'mawa kapena chakumadzulo, dzuwa lili kumbuyo kwake, kuwala kumalemba mzere pamsana ndi m'makutu, fumbi lili koboo kumapazi, ndipo galu amatuluka m'chithunzi. Palupsa zinthu zimatembenuka: galu wofiirira amawala pa nthaka yakuda, wakuda ndi amene amavuta.

Chachikulu pa zonse ndi pamene wojambula waika thupi lake. Elliott Erwitt wa bungwe la Magnum, amene anamwalira mu 2023, anatchuka ndi zithunzi za agalu za m'misewu zojambulidwa kamera ili pafupi ndi nthaka. Wojambula akagwada kapena kugona chafufumimba, galu amakula, thambo limabwera kumbuyo kwake, ndipo woonera amakumana naye maso ndi maso. Daniel Naudé wa ku South Africa anajambula agalu a m'midzi otchedwa Africanis ataima pamtunda, dziko litayalika kumbuyo kwawo, n'kuwapatsa ulemu umene zithunzi zambiri zimawamana. Ntchito yake ndi yamphamvu, koma agalu ake ambiri angoima, ali okha. Galu wa ku Mchinji sakhala yekha. Amathamanga chifukwa mnyamata waimba likhweru, ndipo akatopa amacheukira mwini wake. Chithunzi chimene chagwira mkono wa mnyamatayo uli m'mwamba, galu akunyamuka, chimanena zambiri kuposa cha galu ali m'malere payekha.

Pali malire amene luso lisadumphe. Kusaka m'nkhalango yotetezedwa ya Mchinji n'koletsedwa, ndipo palibe chithunzi choyenera kutenthera tchire kapena kuthamangitsira galu pa dzuwa la Okutobala mpaka kutha mpweya. Liwiro lenileni limapezeka ngakhale pabwalo la mpira la kusukulu: mwini galu aime kutali aitane, wojambula agone pansi pakati pa iye ndi galuyo dzuwa lisanakwere. Ojambula a pa Boma, pa Kamwendo ndi pa Mwami ali ndi zonse zofunika pa ntchito imeneyi. Apemphe chilolezo kwa eni agalu, aphunzire kwa alenje, ndipo chithunzi chikatuluka bwino, woyamba kuchilandira akhale mwini galu.