Ng'oma ya Eni Dambo la Chembe

Lira, mbalule! Vomera, mpanje! Juni waluma zala pa Mindolo, utsi wa mbaula wagona pamadenga. Tavala majuzi, tanyamula fulasiki ya tiyi ndi magalasi oonera kutali, tasiya nsanja za mgodi kumbuyo, tapyola Kalulushi dzuwa lisanafiire. Makilomita pafupifupi 30 kuchokera ku Kitwe, odi kwa eni dambo!

Ndinu a Chembe, Thamanda-lozingidwa-ndi-miombo, Bwalo-la-mapiko, Mudzi wa mitundu ya mbalame yoposa 300, wolonderedwa ndi a Wildlife and Environmental Conservation Society of Zambia. Pansi pa dziko lino amuna akuswa mwala kufuna kopa, pamwamba inu mwafungatira mazira. Anamzeze a ku Ulaya anatsazika mu Epulo, adzabwera mvula ikamanunkhira. Lero ng'oma ndi ya otsala, Osathawa-chisanu, amene mchombo wawo unagwera pompano.

Inu a Nkhwazi, Mutu-woyera, Chifuwa-cha-ufa, Zikhadabo-zosabweza-nsomba! Mfumu ya pansonga ya mtengo wouma, Woponya-mutu-kumbuyo polira, wina kuyamba, mnzake kupolokezera mpaka dambo lonse kugwedera. Kwanu wamkulu thupi ndi mayi, bambo ndiye wochepa, koma ukwati sugwedezeka. Munakwera pa mbendera pa 24 Okutobala 1964, ndipo simunatsikepo. Ife tikunjenjemera, inu mukuwonjezera mitengo pachisa cha chaka chatha, pakuti miyezi ino madzi akamaphwa nsomba zilibe pobisala, ana anu sagona ndi njala. Ikani ng'oma pamenepo!

Inu a Nantchengwa, Mutu-wa-nyundo, Mmisiri-wopanda-nkhwangwa! Womanga pamphanda ndi timitengo zikwizikwi, khomo lomata ndi dothi, denga loti munthu wamkulu n'kuimapo osagumuka. Kadzidzi akakulandani nyumba simupita kwa mfumu kukasuma, mumangoyamba ina. Wopondaponda-matope kuti chule avumbuluke, Bulauni-wosadzikongoletsa, ulemu wanu uli m'ntchito.

Inu a Kakowa, Woyera-osachapa, Khosi-ndi-mkondo, Woima-duu mpaka kansomba kuiwala kuti kuli imfa. Inu a Mphipi, Wosodza-pansi-pa-madzi, Woyanika-mapiko pachitsa, pakuti nthenga zanu zimamwa madzi kuti mumire msanga, ndipo dzuwa la Juni limachedwa kuumitsa. Pirirani, a Mphipi, masana akubwera!

Nanga inu a Zala-zitalizitali, Woyenda-pa-akakombo osamira? Bambo wa abambo! Mayi akaikira mazira amapita kwina, inu n'kukhalira nokha, anapiye akaswa n'kuwanyamula kunsi kwa mapiko, timiyendo tokha lendelende. Amuna a m'komboni, bwerani mudzaone kulera!

Inu Atchete, Oluka-osaphunzira, mwavula malaya achikasu, mwavala zofiirira kudikira dzinja. Zisa zakale zikulendewera pabango zopanda mwini, ndipo wosadziwa akuti munasamuka. Muli pompo, mukutola njere m'udzu wouma, Olemera-obisa-chuma!

Tikalowa m'miombo, masamba ali tswatswatswa kuphazi, ndi inu a Nsadzu, Mlozera-uchi, Wodya-phula, Woitana-munthu kumphako ya njuchi. Tikutamandani, koma mlandu wanu tikuudziwa: dzira mumaikira m'chisa cha eni, akulerereni mwana. Mfumu ya uchi, mfumu ya chinyengo, zonse ziwiri ndi zanu! A Nkhwali, Wodzutsa-alenje, a Nkhanga, Mawanga-osawerengeka, a Nthengu, Mchira-wamphanda wothamangitsa mphamba: tikuoneni, tikulembeni m'kabuku, tikusiyeni amoyo.

Ng'oma iyi tikuimbira kuno kwathu madzulo, fumbi la ulendo likali kumapazi, chifukwa kudambo kuja munthu amanong'ona, wokweza mawu ndi nkhwazi yekha. Tsono imvani, inu apafupi. Malume owotcha makala, nkhwangwa yanu ithere kumalire, pakuti mtengo wautali ukagwa chisa cha mfumu chagwa. Achimwene a ulimbo ndi legeni, m'thumba mwanu mukhale mbatata yowotcha basi. Aphunzitsi a ku Mindolo, ku Chimwemwe, ku Buchi ndi ku Wusakile, dzazani minibasi Loweruka, chisanu chisanathe, ana akaone ndi maso mbalame imene amaiimira njo pambendera m'mawa kusukulu. Amayi, nthungululu! Anyamata, manja! Woimba mbalule, ng'amba chikopa!