Kapamfuleti ka Chingerezi kamene ndinakapeza ku Kande

Pa tchuthi chapitachi ndinali kumudzi ku Kande, ndipo msuweni wanga amene walemba mayeso a MSCE anandionetsa kapamfuleti kamene akuwerenga podikira zotsatira. Ndi timabuku tija tojambulitsa pa fotokope, topanda dzina la mlembi, timene timayenda kuchoka kwa wophunzira uyu kupita kwa uyo. Pachikuto kakulonjeza kuti kamukonzekeretsa Chingerezi cha ku yunivesite. Ndinakawerenga konse usiku umodzi, ndipo ndili nako mawu.

Choyamba ndikayamikire. Gawo la malamulo a chiyankhulo ndi labwino, makamaka pa nthawi za aneni, pamene ambirife timapunthwa. Cholinga chakenso n'chomveka: kuti munthu asankhidwe kupita ku mayunivesite a boma kudzera ku NCHE amafunika makirediti asanu ndi imodzi, ndipo Chingerezi chikhalepo. Ukachilakwa, ngakhale Masamu utakhoza bwanji, watsala.

Vuto lili pa zimene kabukuka kakuganiza kuti ndiye Chingerezi cha ophunzira. Masamba ambiri ndi mndandanda wa mawu ataliatali oti munthu aloweze, ndi ziganizo zokometsera zoyambira chimangirizo. Malangizo ake omaliza ndi aja tinakula nawo: siyani chiyankhulo cha kwanu, yankhulani Chingerezi usana ndi usiku.

Chikhala kuti kuyankhula kokha n'kokwanira, bwenzi Kande atadzaza Mzuni ndi UNIMA. Pitani pagombe tsiku limene galimoto zazikulu za alendo zaima pa Kande Beach, mukamve anyamata ogulitsa ziboliboli. Chizungu chimachita kutuluka m'mphuno, nthabwala zili pomwepo, mtengo n'kumvana. Sindikuwanyoza ayi, ndi luso lenileni ndipo limadyetsa mabanja. Koma pagombe mlendo ali pamaso pako, ukhoza kuloza ndi chala, akapanda kumva ubwereza. Papepala palibe zimenezo. Jim Cummins anasiyanitsa zinthu ziwirizi mu 1979: chiyankhulo chochezera, chimene mwana amachigwira m'zaka ngati ziwiri, ndi chiyankhulo chophunzirira, chimene chimatenga zaka zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Ndipotu ana amene iye ankawafufuza anali obwera ku Canada, ozingidwa ndi Chingerezi mbali zonse. Nanga wa ku Kande, amene kunyumba ndi Chitonga, pawailesi Chichewa, Chingerezi n'kumachipeza m'kalasi?

Mawu amene amagwetsa anthu chaka choyamba si ataliatali aja. Ndi mawu ooneka ngati timawadziwa kale. Funso likati discuss, wophunzira amamva kuti kukambirana, ndiye amangothira zonse zimene akukumbukira, pamene aphunzitsi akufuna kuti ayeze mbali ziwiri n'kunena pamene iye waima. Argue amamva kuti kukangana. Criticise amamva kuti kunyoza, ndipo mwana woleredwa bwino anganyoze bwanji pulofesa wolemba buku? Amangomukopera mwaulemu, kenaka n'kuuzidwa kuti waba ntchito ya wina. Averil Coxhead wa ku New Zealand anasonkhanitsa mu 2000 mabanja 570 a mawu amene amapezeka kawirikawiri m'zolemba za ku yunivesite, ndipo oyambirira ake ndi wamba zedi: analyse, assume, indicate, significant. M'kapamfuleti ka msuweni wanga sindinapezemo ngakhale tsamba limodzi lofotokoza mawu oterewa.

Chimene chinandiwawa kwambiri ndi lija langizo loti taya chiyankhulo chako, chifukwa nzeru imene yunivesite ikufuna ili kale m'ziyankhulo zathu. Taonani ziganizo izi: usipa wachepa, akuti usipa wachepa, zikuoneka kuti usipa wachepa, asodzi a ku Tukombo akudandaula kuti usipa wachepa, komabe mitengo pamsika sinakwere. Mwana aliyense wa Sitandade 6 akudziwa kuti ziganizozi sizofanana. Choyamba wachisenza wekha. Chachiwiri wachikankhira kwa ena. Chachitatu wasiya mpata woti mwina walakwa. Chachinayi watchula mwini mawu n'kuikapo umboni wotsutsa. Kusiyana kwa shows, claims ndi suggests n'komweku, ndipo theka la kulemba kwa ku yunivesite lagona pamenepa. Amene anakhalapo pabwalo la milandu kwa amfumu amadziwa funso limene mboni imafunsidwa: munaona nokha kapena munangomva? Eetu, kutchula kumene watenga mfundo n'kumeneko. Koma mwana akauzidwa zaka zonse kuti Chitonga chisiyidwe pakhomo la kalasi, amasiya komweko ndi nzeru zimenezi, n'kulowa ndi Chingerezi choloweza chokha.

Kabukuka sikanayambe kokha maganizo amenewa. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, ziyankhulo zina n'kuchotsedwa m'sukulu. Mu 1996 unduna wa zamaphunziro unalamula kuti Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma mabuku amene analipo anali a Chichewa. Lamulo la maphunziro la 2013 linabwezera Chingerezi pampando monga chiyankhulo chophunzitsira. M'kusinthasintha konseku Chitonga sichinapezepo malo enieni m'kalasi. Chodabwitsa n'chakuti dera lomweli, kumene mishoni ya Livingstonia inakhazikika pa Bandawe mu 1881, linatulutsa Clements Kadalie, amene anakayambitsa bungwe la apantchito la ICU ku Cape Town mu 1919 n'kumagwedeza boma ndi zokamba ndi zolemba za m'Chingerezi. Sukulu za mishonizo zinkayambira m'ziyankhulo za konkuno, Chingerezi n'kubwera pamwamba.

Wina anena kuti mayeso ndi a m'Chingerezi, ndiye nthawi yocheza m'Chitonga ichokera kuti? Ndikuvomera kuti popanda kuwerenga Chingerezi chambiri palibe chimene chingayende, ndipo mabuku kumidzi ya m'mbali mwa msewu wa M5 ndi osowa. Koma mayeso a MSCE omwewo ali ndi chifupikitso ndi kulemba manotsi, maluso awiri oyandikira kwambiri ntchito ya ku yunivesite, ndipo kapamfuletika kawapatsa masamba awiri basi.

Msuweni wangayo ndinamupatsa nkhani imodzi ya mu The Nation, ndinati andifotokozere m'Chitonga amene akunena ndani, umboni wake ndi uti, ndipo iye akugwirizana nazo kapena ayi. Anafotokoza bwinobwino, mpaka kutsutsa nduna imene inagwidwa mawu m'nkhaniyo. Nditamuuza kuti alembe zomwezo m'Chingerezi, kutsutsa kuja kunasowa, anangobwereza mawu a nduna. Tinayambira pamenepo, pa liwu loti however.