Nkhope Ziwiri za ku National Gallery

Mu 2008, National Gallery ya ku London inachititsa chionetsero cha Renaissance Faces, chosonyeza mmene akatswiri a zaka za m'ma 1400 ndi 1500 ankajambulira nkhope za anthu, kuchokera pa Jan van Eyck kukafika pa Titian. Zithunzi ziwiri zomwe nyumbayi imasunga mpaka lero zimaulula bwino chinsinsi cha lusoli.

Choyamba ndi kathabwa kakang'ono komwe van Eyck anajambula mu 1433: bambo wa nsalu yofiira yokulungakulunga kumutu, yemwe ambiri amati ndi iye mwini. Nthawi imeneyo ku Italy ambiri ankajambula munthu cham'mbali, ngati mutu wa pandalama, ndi utoto wosakaniza ndi dzira womwe umauma msanga. Van Eyck anatembenuzira nkhopeyo kwa woonera, nagwiritsa ntchito utoto wa mafuta, woti munthu akhoza kuupaka pang'onopang'ono, wopyapyala pamwamba pa wina. Ukayandikira, ndevu zongophuka kumene zikuoneka imodziimodzi, makwinya ali pakona pa diso, ndipo m'diso momwemo muli timitsempha tofiira. Bamboyu sanakometsedwe ngakhale pang'ono, ndipo akukupenyetsetsa mpaka iwe woonera kuchita manyazi.

Giovanni Bellini wa ku Venice anatengera utoto wa mafuta womwewo, koma ntchito yake inali ina. Cha m'ma 1501 anajambula Leonardo Loredan atangosankhidwa kukhala mtsogoleri wa mzindawo. Chipewa chosongoka kumbuyo, mkanjo wa silika woyera wolukidwa ndi golide, mabatani akuluakulu pachifuwa, zonsezi zikunena za udindo. Pomwe pali ulusi wa golide, Bellini anasiya utoto wokhakhala dala kuti uzigwira kuwala. Nkhope nayo anaigawa mochenjera: mbali yowala ndi yaukali, mbali ya mthunzi ikuoneka ngati ikufuna kumwetulira. Loredan sakuyang'ana munthu aliyense, maso ake ali patali.

Alendo ambiri amaima nthawi yaitali pa Bellini, ndipo m'pomveka, chifukwa mtundu wa buluu uli kumbuyo kwa Loredan ndi wokoma m'maso. Komabe Bellini anajambula mpando waulamuliro kwambiri kuposa munthu wokhalapo. Pa ziwirizi, chithunzi cha van Eyck ndicho cholimba mtima, ndipo ndicho choyenera kuyambira aliyense wofuna kuphunzira kujambula nkhope.