Moto wa pansi pa mtengo: maganizo anga pa nkhani ya Jack London

Sabata ino ndabwera ndi nkhani yaifupi ya mlembi wa ku America, Jack London, yotchedwa "To Build a Fire", imene inatuluka mu 1908. Ambiri akamaikamba amangoitsekera ndi mwambi uja wakuti mawu a akulu akoma akagonera, basi zathera pomwepo. Ine ndikuona kuti kuiwerenga choncho n'kuichepetsa.

Kwa amene simunaiwerenge, bambo wina, dzina sitiuzidwa, akuyenda wapansi m'dera la Yukon kumpoto kwa Canada, m'nthawi imene anthu ankakhamukira kumeneko kukasaka golide. London mwiniwake anapitako mu 1897, ndiye sakulemba zongomva. Bamboyu ali ndi galu mmodzi basi. Akupita kumsasa kumene kuli anzake ndipo akuti pofika 6 koloko madzulo akhala atafika. Wadzera njira yozungulira chifukwa amafuna aone mitengo ya pazilumba za mumtsinje wa Yukon, ngati angadzatulutseko zipika chisanu chikatha. Ife ageni tikumumvetsa, munthu wapita kukaona katundu. Kunja kukuzizira madigiri 75 pansi pa ziro pa muyeso wa Fahrenheit, womwe ndi pafupifupi 59 pansi pa ziro pa muyeso wa Celsius umene timamva pawailesi. Mkulu wina wa ku Sulphur Creek anali atamuchenjeza kale kuti kukazizira kupitirira 50 pansi pa ziro munthu asayende yekha.

Nambala zimenezi kwa ife amene kuzizira kwathu n'kwa June ndi July sizitanthauza kanthu. London akuoneka kuti ankadziwa kuti owerenga ake ambiri sanaonepo zotere, ndiye kuzizirako anakuika m'thupi la munthu. Bamboyu akalavula, malovu akuthetheka m'mwamba asanafike pansi. Madzi a fodya amene akutafuna aundana pandevu zake mpaka kukhala ngati ndevu zina zachikasu. Kamba wake wamuika mkati mwa malaya, wagundana ndi khungu, kuti asaume ngati mwala. Akangovula golovesi pang'ono zala zikufa dzanzi. Apa ndi pamene mlembiyu amandigwira mtima. Sakundiuza kuti kunazizira kwambiri, akungondionetsa malovu, ine n'kuyamba kudzikumbatira.

Tsono nayi mfundo yanga. Bamboyu si chitsiru ayi. Amadziwa kuti pansi pa chipale chofewa pali akasupe amene saundana, ndipo amayenda akuyang'anitsitsa. Pena akukankhira galu patsogolo kuti ayese njira. Masana akoleza moto bwinobwino, adya, asuta kaliwo wake. Ngakhale atagwera m'madzi osafika m'mawondo sakubalalika, akudziwa kuti choyamba ndi moto, aumitse mapazi. Ndipo moto uja akuukolezadi, ukuyaka. Chimene chamupha n'chaching'ono kwambiri: waukoleza pansi pa mtengo wa spruce, wonga paini, chifukwa tinthambi touma tinali pomwepo, kungotambasula dzanja n'kuthyola. Kuthyola kulikonse kukugwedeza mtengo, ndipo chipale chonse chimene chinali panthambi chikugwa n'kukwirira moto.

Aliyense amene anakolezapo mbaula m'mawa ali pachangu akudziwa maganizo amenewo. Umasankha pafupi. Sunyada, suderera akulu, umangofuna zinthu zitheke msanga poti manja akuwawa. N'chifukwa chake ndikukana zoti nkhaniyi ndi ya munthu wodzikuza amene walandira chilango chake. Ikanakhala choncho tikanawerenga mtima uli m'malo, n'kumati zake zimenezo, ine sindingatero. Koma chimaopsa n'chakuti munthuyu wachita zinthu pafupifupi zonse molondola, kumalo kumene kuphonya kamodzi kokha n'kokwanira.

Gawo la moto wachiwiri ndi limene sindimatha kuliwerenga mofulumira. Zala zafa, sakuzimvanso, ndiye kuti adziwe ngati wagwira chinthu akuchita kuyang'ana ndi maso. Akutola kamtengo ka machesi ndi mano, akukhwatcha pamwendo, kayaka, koma utsi wake ukumutsokomoletsa n'kuzima. Kenako akupana machesi onse 70 pakati pa zikhatho n'kuwayatsa kamodzi, akumva fungo la mnofu wake ukupsa koma osataya. Moto wayamba pang'ono, kandere kagwerapo, akufuna akachotse, dzanja lonjenjemera lija n'kumwaza tinkhuni tonse. Abale inu. Palibe chilombo m'nkhaniyi, palibe mdani, palibe mfuti. Ndi munthu ndi manja ake amene akana kumumvera. Alembi athu apagulu pano amene mumaona ngati nkhani siingakome popanda mfiti kapena ngozi ya minibasi, kawerengeni ndime zimenezi muone mmene kamtengo ka machesi kangasenzere nkhani yonse.

Pali umboni wina woti London sankafuna nthano ya phunziro. Nkhani yomweyi anailembapo kale mu 1902 m'magazini ya achinyamata yotchedwa The Youth's Companion. M'menemo munthuyo ali ndi dzina, Tom Vincent, galu mulibe, ndipo pamapeto akupulumuka ataphunzira kuti kuyenda wekha n'koipa. Imeneyo ndiye ya mawu a akulu. Patatha zaka 6 mlembi anabwerera, n'kuchotsa dzina, kuonjezera kuzizira, kulowetsa galu, n'kumusiya munthu afe. Zoona, bamboyu akufa amavomereza kuti mkulu wa ku Sulphur Creek ananena zoona, koma akuvomereza kwa ndani? Palibe akumva, palibe amene apindule nazo.

Galu uja ndiye amandisowetsa mtendere. Pakati pa awiriwa palibe chikondi, galu ndi wantchito chabe, amadziwa mawu aukali ndi mkwapulo. Bamboyu zitamuthina akuganiza zomupha kuti alowetse manja m'mimba mwake afunde. Akumugwiradi, koma manja akufawo sangasolole mpeni, sangakanyange pakhosi, ndiye akungomukumbatira kwa kanthawi n'kumusiya. Ndiko kukumbatira kokhako m'nkhani yonse. Munthu atafa galu akudikira, akununkhiza, akulira pang'ono, kenako n'kutsata njira ya kumsasa kumene kuli anthu ena okhala ndi moto ndi chakudya. Ena amati galuyo ndi wosakhulupirika. Ine ndimati analipidwa chiyani kuti akhulupirike?

Koma sikuti zonse ndikuombera m'manja. London ali ndi khalidwe la mphunzitsi wosakhulupirira ana ake. Koyambirira kwenikweni akutiuziratu kuti vuto la bamboyu n'lakuti alibe maganizo oona patali, amangoona zinthu osaona tanthauzo lake. Anatiuziranji? Nkhani ikanationetsa yokha, ndipo chigamulo chimenechi n'chimene chimasocheretsa owerenga kuti aziona munthuyu ngati wopusa. Akubwerezanso kangapo kuti galu amadziwa kuzizira mwachibadwa pamene munthu sadziwa. Kamodzi kanakwana.

China chimene chimandivuta n'chakuti dzikolo likuoneka ngati lopanda eni. Komatu anthu a mtundu wa Hän ankakhala m'dera limenelo kalekale osaka golide asanafike, ndipo dzina loti Klondike linachokera ku mawu a chilankhulo chawo. Iwowa ankayenda m'chisanu chomwecho, kulera ana, kukalamba. M'nkhani ya London nzeru zopulumukira zili ndi mkulu wa kumigodi ndi galu basi. Ndiye pamene nkhani ikuoneka ngati ikunena kuti munthu ndi wochepa pamaso pa chilengedwe, ine ndimafunsa kuti munthu wake uti? Amene wafa apa ndi mlendo, m'chisanu chake choyamba kumeneko, ndipo mlembi akunena yekha zimenezo. Kuti eni dera sakutchulidwa n'komwe, pamenepo London anaona ndi diso la anzake obwera.

Nkhaniyi imapezeka yaulere pa intaneti ndipo bandulo yaing'ono ikukwanirani. Ine ndimaimaliza pa nthawi imene msika wazizira masana, makasitomala asanayambirenso. Mukamafufuza muonetsetse kuti mwapeza ya 1908, yokhala ndi galu. Mukangoona dzina loti Tom Vincent, dziwani kuti mwatsegula inayo.