Za Zoom ndi Ophunzira a ku Nyanja

Pamene sukulu zinatsekedwa m'caka ca 2020 cifukwa ca mliri wa Covid-19, ambiri anatama Zoom, nati ndiyo njira yophunzitsira anthu ali kutali. Ife a ku Salima sitibvomereza msanga. Inde, nkhope ya mphunzitsi ioneka, ndipo wofunsa ayankhidwa pomwepo. Koma zithunzi zoyendazo zidya bandulo monga ciswe cidya nsanamira, ndipo msonkhano waulere uduka pakutha mphindi 40. Nanga mwana wa msodzi ku Senga Bay kapena ku Chipoka, amene lamya ya pakhomo pao yapita ndi atate wace pa nyanja, adzalowa bwanji pa ora loikika? Mau otumizidwa pa WhatsApp alibe nkhope, koma adikira kufikira bwato litakoceza. Awa ndiwo tiwasankha ife, ngakhale yankho licedwa.