Za Muyeso Womata pa Mkono wa Odwala Shuga

Munthu wodwala nthenda ya shuga, pofuna kudziwa shuga wa m'mwazi mwace, amabaya cala ndi kudonthetsa mwazi pa kapepala koyesera. Tsopano kwafika kacipangizo kena, konga ndalama yacitsulo, kamene amamata pa mkono kapena pamimba. Kali ndi kansinga kolowa pansi pa khungu, ndipo kamayesa usana ndi usiku, ndi kuonetsa ciwerengero pa foni kapena pa kamakina kace. Ka FreeStyle Libre, kamene kanaturuka ku Ulaya m'caka ca 2014, kamakhala pathupi masiku 14; ka Dexcom G6, ka m'caka ca 2018, masiku 10. M'dziko muno ka Dexcom kanayesedwa m'caka ca 2022 pa zipatala za Neno ndi Lisungwi, pa anthu amene moyo wao uli pa insulini. Ncinthu cabwino ndithu, pakuti kamaona shuga alikutsika usiku, mwini wace ali mtulo. Koma mbiri imene iyenda nako, yakuti kubaya cala kwatha, ife sitiibvomereza.

Kacipangizoka sikayesa mwazi ai. Kamayesa madzi a m'mnofu, ndipo shuga amafika m'madzimo mocedwa, mphindi 5 kufikira 15. Ife a m'cigwa ca Shire tidziwa kuti mtsinje ukadzala, dambo limatsatira pambuyo, ndipo mtsinje ukaphwa, dambo limayamba lasunga madzi ace. Cotero munthu amene walima kufikira dzuwa litakwera, atabaya insulini osadya phala, angathe kunjenjemera ndi kuturuka thukuta lozizira pamene kacipangizo kakali kunena kuti zonse ziri bwino. Pamenepo akhulupirire thupi lace, abaye cala msanga, ndipo akapeza ciwerengero ca pansi pa 70 mg/dL amwe madzi a shuga. Cina: wogona pa mphasa atatsamira mkono umene pali kacipangizo angadzutsidwe ndi mbiri yabodza yakuti shuga watsika, cifukwa mnofu wapanikizika.

Tsono tifike pa kulinganiza. Sikelo ya pa msika wa thonje siiyesedwa ndi mau a wogula. Amaikapo mwala wa muyeso wodziwika. Tizipangizo takale tinali kufuna mwala wotere kawiri pa tsiku, ndiwo mwazi wa pa cala. Tatsopanoti tinalinganizidwa kale kumene tinapangidwa. Ka Libre sikalola kuti mwini akaongole konse. Ka Dexcom G6 kamalola. Nanga mwalawo ukakhala wonyenga? Apa ndi pamene pali bvuto lalikuru kwa ife, ndipo owerenga alingalirepo bwino.

Lamulo la maiko lochedwa ISO 15197, la m'caka ca 2013, limalola kamakina ka pa cala kuphonya ndi magawo 15 pa 100. Shuga weniweni ali 200, kangathe kunena 170 kapena 230, ndipo palibe mlandu. Kumeneko nkulakwa kololedwa. Kuonjezera apo pali zathu za kuno. Cala cimene cagwira mango kapena nzimbe ya ku Nchalo, cosasambidwa ndi kuumitsidwa, cimaonetsa shuga wambiri amene sali m'thupi. Munthu wocepa mwazi cifukwa ca malungo, makina ambiri amamuwerengera mopitirira. Mapepala oyesera amaonongeka ndi kutentha ndi cinyezi. Cifukwa cace amene amasunga insulini mumtsuko wozizira acita bwino, koma mapepalawo asawaikemo, akhale m'kabotolo kao kotsekedwa. Wolinganiza kacipangizo ndi ciwerengero coipa wakaphunzitsa bodza, ndipo kadzabwereza bodzalo usana ndi usiku, iye nkumabaya insulini molitsata. Nthawi nayonso iri ndi kanthu: atangodya nsima shuga amakwera mothamanga, mtsinje ndi dambo sizinafanane, ndipo kulinganiza pamenepo nkusokoneza. Nthawi yoyenera ndi m'mawa asanadye.

Za kutentha tinene pang'ono. Opanga Libre alamula kuti tizipangizo tosatsegula tisungidwe posapitirira madigiri 25, a Dexcom G6 madigiri 30. Ku Ngabu ndi ku Nsanje, m'miyezi ya October ndi November, dzuwa limapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba ya malata mumakhala ngati mu ng'anjo. Thukuta limamasulanso ulimbo wace.

Cifukwa cace tipempha akuru a zipatala za Chikwawa ndi Nsanje, kuti tsiku limene tizipangizoti tidzafika m'manja mwa odwala a kuno, asadzacepetse mapepala a pa cala poyesa kuti nchito yao yatha. Ndipo pa tsiku la kiliniki wodwala adze ndi miyeso yace yonse iwiri, kuti ifanizidwe ndi ya ku labotale pa mwazi wotengedwa nthawi yomweyo.